Mpeni wa Mervin

Kanakantapa, Chongwe
14 Okutobala

Alongo anga a Ezron,

Ndiyankheni musanapinde pepalali: munamuona liti mng'ono wanu Mervin akugwira ntchito ndi manja ake? Ngati simukumbukira, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Pepani, ndayamba ndi ukali monga mwa masiku onse. Muli bwanji ku Kitwe? Alamu anga a Lillian ndi ana ali bwanji? Mwendo wanu uja unaleka kutupa? Ife kuno tilipo. Amayi akudandaula msana, dzuwa latiwotcha, madzi m'chitsime atsika. Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndimayamba kukalipa ndisanafike pa nkhani, inu n'kudula.

Papita zaka zitatu chitulukire Mervin m'chipatala ndi matenda ake a m'mutu. Tsiku limenelo munatikhazika pakhonde, amayi, ine ndi iyeyo, n'kulamula kuti asadzagwirenso mpeni, nkhwangwa kapena chikwakwa. Munanena, munakwera basi. Amene anatsala kusunga lamulolo ndine, ndipo ndinalisunga kuposa mwini wake. Mipeni yonse ndinkaitsekera m'bokosi, kiyi pa mfundo ya chitenje. Mwamuna wa zaka makumi atatu ankabwera kwa ine ndi nzimbe kuti ndimusendere.

Koma tinene zoona. Mervin sanatemepo munthu. Nkhwangwa imene inatiopsa ija inali m'manja mwake chifukwa matenda anamupeza akuwaza nkhuni, basi.

Mwezi wa Epulo kunabwera ba Selestina, mayi amene amathandiza odwala ngati iye kupeza ntchito akayamba kuchira. Anamupezera malo ophunzira ku nazale ya mitengo ya ba Gershom, pa msewu wa ku Kasisi. Sabata yoyamba ankapita naye okha. Anapangana ndi eni ake kuti ayambe ndi theka la tsiku, ndiponso kuti tsiku lokatenga mankhwala asamabwere. Ine ndinkati akuthira dothi m'mapulasitiki ndi kuthirira mbande. Sindinafunse.

Mukanamuona, alongo. Anayamba kudzuka ine ndisanadzuke. Ovololo ankachapa yekha. Tsiku lina anayang'ana mtengo wanga wa mango n'kunena kuti zipatso zake ndi ulusi wokhawokha, zongoyenera mbuzi. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinamutukwana, koma mumtima ndinakondwa.

Loweruka lina anasiya ovololo yachiwiri pa chingwe. Poichotsa ndinamva chinthu cholimba m'thumba. Unali mpeni waung'ono wopinda, wakuthwa ngati lumo. Munthu wanzeru akanadikira mwini wake abwere n'kumufunsa. Ine mukundidziwa. Ndinakwera minibasi ndi ovololo m'manja.

Ndinafika pa nazale pali anthu ambiri, ena ochokera ku Silverest ndi magalimoto awo, odzagula mitengo ya m'mapuloti. Mervin anali pa kampando, mpeni wina m'manja, akuonetsa mayi wina mmene amalumikizira mango. Amadula kanthambi ka mango abwino, n'kukalowetsa pa tsinde la mango athu akumudzi, n'kumanga ndi pulasitiki kuti zigwirane.

Ndikulemba mawu anga monga ndinawanenera, chifukwa sindiyenera kuwakongoletsa. Ndinakuwa kufunsa ba Gershom ngati nawonso anapenga, kupatsa mpeni munthu wamisala. Ndinafunsa kuti akacheka munthu adzayankha ndani. Ndinatchula ndi dzina la chipatala chimene anagonako.

 Mayi uja anabwerera m'mbuyo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Anzake a Mervin a pantchito anayang'anana. Iwo sankadziwa, alongo. Ankadziwa ndi ba Gershom okha, chifukwa ba Selestina anati nkhani ya matenda ndi ya Mervin, auze amene iye afuna. Ine ndinaimwaza pa msewu ngati madzi otsukira mbale.

Mervin anangopitiriza ntchito yake. Anamaliza kumanga kamtengo kamene anali atadula kale, pang'onopang'ono, kuti kasaume. Kenako anapinda mpeni, anauika pa benchi, n'kuyamba ulendo wa kunyumba wapansi. Zimenezo ndi zimene zikundisowetsa mtendere. Wamisala pamenepo anali ndani, iye kapena ine?

Ba Gershom sanakweze mawu. Anandiitanira kuseri n'kundionetsa mizere ya mbande zomangidwa ulusi wabuluu, zonse zitaphuka masamba ofiirira. Anati zimenezo ndi za Mervin. Ati manja awo ayamba kunjenjemera ndi ukalamba, akalumikiza khumi zimagwira zisanu, koma za Mervin zimagwira zisanu ndi zinayi. Ati mayi, ine nimufuna pa ntchito Mande. Ndinasowa poika nkhope.

Pa Mande Mervin sanapite. Lero akwana masabata awiri atakhala kuseri kwa nyumba. Mankhwala akumwa, koma wayambanso kusamba madzulo kapena osasamba konse, ndipo mawu ake ndi eya ndi iyayi. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndi ija ya masiku asanadwale.

Ba Selestina abwera kawiri. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangokhala pa mphasa n'kunena kuti mapilitsi amatontholetsa mutu, koma chimene chimadzutsa munthu m'mawa ndi kudziwa kuti kwina akumudikira. Anandifunsa kuti ndinkaopa chiyani kwenikweni. Ndinati mpeni. 

Inu ndikuuzani, popeza ndinu mlongo wanga. Sunali mpeni wokha. Zaka zitatu izi ku tchalitchi ankanditchula Rosaria wopirira, wosunga wodwala. Ndinazolowera kutamandidwa. Mervin atayamba kudzichapira ndi kudziyendera, ndinaona ngati andilanda udindo. Ndikulemba izi manyazi akundiwotcha m'makutu.

Lachinayi ndinabwerera ku nazale. Ndinagwada pa dothi pamaso pa antchito onse, ine amene sindinagwadirepo ngakhale apongozi, n'kunena kuti ndinamunamizira mlongo wanga. Mmodzi wa iwo, mayi wotchedwa Dyness, anandiuza kuti ndidzuke ndikuwadetsera mbande. Ati azakhali ake amamwa mankhwala omwewo ndipo amagulitsa pa msika bwinobwino. Ati Mervin abwere msanga, iye watopa kumanga mapulasitiki okhota.

Ba Gershom asunga malo ake mpaka kutha kwa mwezi uno. Mvula ikayandikira anthu amalimbirana mbande, ndiye akapanda kubwera adzatenga wina. Sindikuwaimba mlandu.

Nditafika kunyumba ndinamupatsa Mervin mpeni wake ndi manja awiri. Anakana. Ati ine ndinali mlonda chabe, lamulo ndi la a Ezron. Ati akautenga lero, inu mudzabwera pa Khrisimasi n'kumulandanso pamaso pa anthu, ndipo kawiri sangathe kupirira. Ati nizatenga kwa amene ananilanda.

Ndiye mwamva. Mbali yanga ndalakwa ndipo ndagwada. Yatsala yanu. Musanditumizire uthenga wa pa foni, musatume alamu, musandiuze za ntchito ya ku mgodi. Pa maliro a amalume munapeza tchuthi tsiku limodzi. Uyu ndi wamoyo.

Mundiperekere moni kwa a Lillian, kwa Mwai ndi Peace, muwauze kuti azakhali awo akadali olongolola. Amayi akupereka moni, ati mubwere ndi mafuta opaka msana. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino pa msewu.

Koma mufike mwezi usanathe. Mudzatikhazike pakhonde lomwe lija, amayi ali pomwepo, mudzanene ndi pakamwa panu kuti lamulo lija latha, ndipo mudzaike mpeniwo m'dzanja la Mervin inu mwini. Ndausiya pa windo, poonekera. Bokosi lija sindikulikiyanso.

Ine mlongo wanu,
Rosaria