Ndinawabweza Agogo Kawiri

Hopkins,
Stann Creek,
23 Novembala 1997

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku New York sikunayambe kukupwetekani mawondo ngati chaka chatha. Kuno tili bwino. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, basi ya kusukulu yatitimira kawiri pamsewu wa kudambo, koma mayeso a masamu ndinalemba ndipo ndinakhoza.

Katundu munatumiza uja anafika. Malaya aja ndi okongola, koma Amayi, sindinawavale. Mutandifunsa pa foni ya kusitolo ngati chaka chino ndikwera nawo bwato pa Tsiku Lofika, lokumbukira kufika kwa makolo athu pagombe lino, ndinati inde. Ndinanama. Mayi Perpetua akwera ndege pa 6 Disembala atanyamula kaseti ya vidiyo ya mwambo wonse, kuti anthu akwathu kumeneko akaonere. Ndikufuna mumve kwa ine musanandione pa kanema muli pakati pa anthu.

Ndinali bwanamkubwa. Inde, mzungu uja amakhala pampando pamchenga n'kumakaniza makolo athu kutsika m'mabwato.

Poyamba ndinapempha kukwera bwato. Aphunzitsi a Zuniga, amene amakonza mwambowu, anapita okha kwa bambo anu, Agogo Ambrosio, poti bwato lotsogolera ndi lawo ndipo ndi iwo amene amatsika kukapempha malo. Anayankha kuti ladzaza. Agogo mukuwadziwa. Amaseketsa mudzi wonse, ngakhale ansembe amawazemba poopa nthabwala zawo. Koma ine ndikadutsa pamene akusema bwato, nthabwala imathera pakati, iwo n'kumangoyang'ana nkhwangwa yawo. Zaka khumi ndi zisanu zonsezi sanandilankhulepo, ngakhale kundikalipira kumene.

Ndiye a Lambey a kusitolo, amene akhala bwanamkubwa chaka ndi chaka atadzola paudala wa makanda kumaso, anatupa mwendo. Pamsonkhano wokonzekera, aphunzitsi atafunsa wolowa m'malo, aliyense anayang'ana pansi. Kenako Delvin, mnyamata wa m'kalasi mwathu, anati:

"Mpatseni Msilikali. Ameneyo safuna paudala, anabadwa atadzola kale."

Dzina limeneli sindinakuuzenipo. Amanditcha choncho kuyambira ndili wamng'ono, chifukwa cha khungu ndi tsitsi zimene anandisiyira bambo anga, msilikali wa ku Britain uja. Anthu anaseka. Aphunzitsi anati, "Delvin, pakamwa pakopo pakanakhala nkhafi, bwenzi titafika ku Honduras." Anasekanso. Ine ndinakweza dzanja.

"Ndichita," ndinatero.

Ndinaganiza motere: wopempha malo sangapemphe mpando wopanda munthu. Ayenera kuima pamaso pa bwanamkubwa, kuvula chipewa, n'kumulankhula katatu. Ndinkafuna kumva mawu a Agogo akubwera kwa ine, ngakhale m'sewero.

Amayi aakulu Leocadia atamva anaika mpeni wosendera chinangwa pansi.

"Iwe Keron, mutu wako ukuyenda? Anthu akunena kale kuti sindiwe wathu, ndiye ukufuna uwasainire?"

Koma m'mawa mwake anakwera basi kupita kutauni ya Dangriga, n'kubwerako ndi jekete yoyera ya mnzawo woperekera zakudya ku hotela. Anaisokerera mabatani amkuwa, anaisita katatu. "Ngati wasankha kukhala Satana," anatero akundiyesa mapewa, "usakhale Satana wamakwinya. Anthu angati kunyumba kulibe simbi."

Pokonzekera ponse Agogo sanabwere. Ankatuma bambo ake a Delvin kuti aime m'malo mwawo. Ndinayamba kuopa kuti ngakhale tsiku lenilenilo atuma wina.

Amayi, inu mwambowu mumaudziwa muli m'bwato. Ndikuuzeni mmene umaonekera uli pampando. Lachitatu, tsiku la mwambolo, kusanayere bwino ndinali nditakhala kale, katebulo patsogolo, pepala la mawu anga m'manja, apolisi anga awiri a m'sewero akunjenjemera ndi mphepo. Kumbuyo kwanga kunali mudzi wonse, ndi obwera kuchokera kumatauni, amayi atavala mikanjo yawo ndi mipango yachikasu. Panyanja sipankaoneka kanthu. Choyamba kufika chinali kulira kwa ng'oma, pansipansi, ngati kukuchokera m'madzi momwemo. Kenako timadontho takuda tinayi. Kenako masamba a nthochi ndi a kokonati amene anamanga m'mabwato, ndi mbendera yathu yonyowa itamatirira kumtengo. Nyimbo ya amayi a m'mabwato itafika kumtunda, amayi a kumtunda anaiyankha. Ndakhala ndikuonera zimenezi chaka ndi chaka nditabisala kuseri kwa mtengo wa kokonati, koma sindinkadziwa kuti mabwatowo amalunjika munthu mmodzi.

Amene anatsika anali Agogo. Anayenda m'madzi ofika m'mawondo, anavula chipewa, anaima patsogolo pa tebulo. Maso awo anali pa mabatani anga. Ananena mawu a chaka ndi chaka, kuti tachokera kutali, atichotsa kwathu, tikupempha kamalo kobzalapo chinangwa.

Ine ndinayang'ana pepala. Mawu anandithawa. Chimene chinatuluka chinali kamawu ngati ka mwanapiye: "Bwererani."

Anthu anafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anati, "Bwanamkubwa sanamwe tiyi." Wina anati, "Bwezani a Lambey, tiwanyamula pa wilibala."

Agogo anavala chipewa. Potembenuka anaweramira pang'ono kutebulo ngati akukonza nsapato, n'kunena chapansipansi m'chilankhulo chathu cha Chigarifuna:

"Kana ngati munthu, iwe. Makolo athu sanabwezedwe ndi nkhuku."

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene bambo anu anandilankhulapo chibadwire.

Mabwato anabwerera kuseri kwa mafunde, anazungulira, anabweranso. Ulendo wachiwiri, monga mwa mwambo, Agogo anatsika ndi mayi wobereka mwana kumbuyo, kuti bwanamkubwa amve chisoni. Chaka chino anali Marcelina, mdzukulu wa Mayi Perpetua, ndi khanda lake la miyezi inayi. Mvula inali itayamba kuwaza. Agogo anati, "Bwana, tayang'anani mwanayu. Madzi akumwa atithera. Tiloleni titsike, ngakhale chifukwa cha iyeyu."

Apa ndi pamene ndikufuna mundikhululukire.

Ndinayang'ana Marcelina ataima m'mvula, mwana kumbuyo, ndipo pepala lija ndinaliika pansi. Ndinaimirira. Mawu anatuluka aakulu, mpaka ine ndemwe ndinadabwa.

"Munkadziwa chimene munkachita. Pano palibe malo anu, ngakhale a mwana mwanyamulayo. Pitani kwa amene anakupusitsani, akakupatseni nyumba."

Mawu amenewa mukuwadziwa. Simunandiuzepo, ndipo Amayi aakulu sakudziwa kuti ndinawamva. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditagona pansi pa tebulo la m'khumbi lophikira buledi wa chinangwa, iwo akufotokozera Mayi Perpetua zimene Agogo anakuuzani pakhomo pawo tsiku limene munabwera nane kuchokera kuchipatala. Sindinakonzekere kuwanena. Anangobwera onse, mwa ndondomeko yake, ngati ndakhala ndikuwaloweza.

Pagombe panati zii. Achinyamata ankaganiza kuti ndi sewero chabe, koma akuluakulu ankadziwa. Ndinamva Amayi aakulu akukoka mpweya kumbuyo kwanga. Oimba ng'oma m'bwato anasiya mmodzimmodzi. Ndipo Agogo anakweza maso n'kundiyang'ana kumaso. Maso awo ndi ngati anu, Amayi. Sindinkadziwa.

Anagwira Marcelina pamkono, anamukweza m'bwato, anatenga nkhafi.

Mabwato anapita kutali kuposa poyamba, ndipo anaima. Anangoima, akuyandama. Mphindi zisanu, mphindi khumi. Atatu enawo sangasunthe lotsogolera lisanasunthe. Ansembe anayamba kuyang'ana wotchi. Ana onyamula maluwa anakhala pansi. Aphunzitsi a Zuniga anabwera pambali panga osandiyang'ana.

"Keron, zimene zija zinali papepala?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Akapanda kubwera, udziwe kuti chaka chino makolo athu sanafike."

Ndinakhala pampando uja jekete itanyowa, mudzi wonse uli kumbuyo kwanga, ndikuganiza kuti ndawononga tsiku limene anthu amalidikira chaka chathunthu, ndiponso kuti munthu amene ndinkafuna andilankhule sadzandilankhulanso mpaka kumanda. Ndinkangoyang'ana kachipewa kawo kutali. Marcelina anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yonseyo Agogo anangokhala, nkhafi ili pamiyendo, mpaka woimba ng'oma yaikulu anawafunsa kuti, "Achimwene, tigona kuno?"

Kenako nkhafi inalowa m'madzi.

Ulendo wachitatu anatsika okha. Mawu a papepala ndi aatali, onena za kugwira ntchito ndi kumvera malamulo. Sanawanene. Anavula chipewa, anachigwira ndi manja awiri, anandiyang'ana.

"Tabweranso, bwana," anatero. "Mwanayo sanalakwe kanthu. Ngakhale mayi ake."

Kenako anabwereza mokweza, kuti a kumbuyo amve. "Ngakhale mayi ake."

Ndinatenga cholembera kuti ndisaine chikalata cha m'sewero, koma ndinangojambula mzere. Ndinati, "Tsikani. Malo ndi anu."

Amayi, zimene zinachitika kenako mudzaziona pa kaseti, koma kaseti siingakupatseni mmene mchenga unagwedezekera. Ng'oma zonse zinalira nthawi imodzi, za m'madzi ndi za kumtunda. Anthu anathamangira m'nyanja ndi zovala zawo zatsopano kukakoka mabwato. Amayi a m'mabwato ankatsika atakweza mitengo ya chinangwa, nzimbe ndi mphukira za nthochi pamwamba pa mitu yawo, akuimba, ena akulira. Agogo ena aakazi, a zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, anagwada n'kutapa mchenga m'manja. Ndinaona anthu athu, akuda, onyowa, osaweramira munthu, akukwera gombe ngati afikadi lero, ndipo ndinaiwala kuti ndavala jekete ya mdani. Ndinaganiza kuti anthu amene anabwezedwa n'kubweranso, n'kubweranso, ndi amene anandibala.

Mayi Perpetua podutsa anandimenya ndi masamba a chinangwa paphewa, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana woipa iwe. Zaka zonsezi timangoseka paudala wa a Lambey. Lero wandikumbutsa kuti zinali zowawa." Kenako anandikoka jekete. "Tiye kutchalitchi. Wakhalira chiyani, ukudikira sitima ya kwanu?"

Ndinayenda nawo pakati pa gulu, kumbuyo kwa ng'oma, mpaka kutchalitchi. Aka kanali koyamba. Masana tinadya hudutu, nthochi zosinja ndi nsomba ya msuzi wa kokonati, kwa Mayi Perpetua, ndipo Delvin anandisunthira pabenchi n'kunena kuti, "Bwana, khalani apa, musatithamangitse." Akunditchabe Msilikali. Koma tsopano amanena akundipatsa mbale.

Ena sanakondwe. Bambo ake a Delvin akuti mwana sachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, ndipo mwina akunena zoona. Amayi aakulu anandikalipira mpaka mawu anawauma, kenako anandiwonjezera nsomba. Ine sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Nkhani ija inali yanu, ndipo ndinaitulutsa pamaso pa mudzi osakupemphani. Ngati mwakwiya, mundiuze, ndimva. Koma sindingakunamizeni kuti ndikunong'oneza bondo.

Agogo sanandilankhule tsiku lonselo, ngakhale Lachinayi, ngakhale Lachisanu. Dzulo m'mawa ndikuchapa yunifolomu, ndinangoona alowa pampanda atanyamula nsomba ziwiri zazikulu. Amayi aakulu akuti ndi koyamba kuponda pakhomo pano chichokereni inu. Anaseka nawo za mwendo wa a Lambey, anadandaula za mitengo ya petulo, anamwa madzi. Ine ndinkangochapa kolala imodzimodzi. Potuluka anaima pafupi ndi beseni.

"Bwanamkubwa, kupalasa umatha?"

"Ayi."

"Ayi ndani?"

"Ayi, Agogo."

"Loweruka likubwerali, dzuwa lisanatuluke. Ukachedwa undipeza ndapita."

Tsopano zopempha. Nsapato za kusukulu zang'ambika kuchala, ndipo phazi langa lafika pa nambala 9. Ngati Mayi Perpetua angabwere nazo pobwerera mu Januwale, ndithokoza. Mukamaonera kaseti ija, musakhale kutsogolo. Ndiponso musaseke chipewa changa, chinali cha katoni ndipo mvula inachifewetsa.

Amayi aakulu akupereka moni, akuti mafuta a tsitsi aja anali abwino koma botolo linali laling'ono. Aphunzitsi a Zuniga akupereka moni. Marcelina akuti mumupezere kachipewa ka mwana. A Lambey akupereka moni, akuti mpando wawo sakuufunanso.

Pali moni wina. Agogo atafika pampanda dzulo anatembenuka n'kufunsa ngati ndimakulemberani. Ndinati inde. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, kenako anatchula dzina lanu: "Umupatse moni Isidora." Anatuluka, anayenda mpaka pa mpope, n'kubwereranso.

"Unene kuti ndi bambo ake."

Ndalemba mmene ananenera, sindinawonjezepo kanthu. Ngati muli ndi yankho, mulilembe pa kapepala kapadera, ndidzawapatsa tili m'bwato. Ngati mulibe, musadzikakamize. Akandifunsa ndizingoti kalata za ku America zimachedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Keron