Kuchipatala akuti ndili ndi ana awiri, chonsecho mimba iyi ndi yoyamba

Aphungu,

Ndine mayi wapabanja, ndipo ndikukhala kunja ndi amuna anga. Ine ndimagwira ntchito kochapira nsalu za mahotela, kupinda zofunda tsiku lonse mpaka zala kuuma. Iwo amayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo. Kuntchito kwanga anandilembetsa inshuwalansi ya zaumoyo, n'kundipatsa kakhadi koyera kolembedwa dzina, nambala ndi tsiku lobadwa. Chithunzi palibepo. Kakhadiko kamakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa firiji, limodzi ndi makiyi apadera ndi mabatani othothoka.

Panopa ndine woyembekezera ndipo masiku ayandikira. Mimba imeneyi ndi yoyamba.

Chaka chatha kunabwera alamu anga, mchemwali wawo wa amuna anga. Ine ndi alamuwo ndife a msinkhu umodzi. Anasiya ana awiri kwa apongozi anga n'kubwera kudzagwira ntchito yokolopa m'maofesi. Mapepala awo okhalira kuno ndi abwinobwino, koma nkhani ya inshuwalansi abwana awo amangoti "mwezi wamawa," ndipo mwezi wamawa wakewo sufika. Alamu nawo safunsa kawiri, amati munthu wongofika kumene salongolola. Amagona pasofa yotambasula pabalaza, ndipo kunena zoona ndi munthu wosavuta kukhala naye. Miyendo yanga ikatupa, ndi iwo amene amanditenthetsera madzi n'kundithowa, ngakhale atabwera otopa.

Chilankhulo cha kuno ndimangodziwa cha kuntchito ndi chogulira zinthu. Choncho kusikelo ndinkapita ndi amuna anga kuti azindimasulira. Azamba akafunsa funso lalitali, iwo ankayankha motalikanso, kenako n'kutembenukira kwa ine amvekere, "Akufunsa ngati ukudya bwino." Ine ndinkangoti chilankhulo chimenechi n'chowononga mawu bwanji.

Ulendo wathawu amuna anga anatumidwa kutali ndi katundu, ndiye ndinapita ndekha. Azamba anaimbira womasulira wa chipatala n'kuika foni patebulo pakati pathu. Funso loyamba linali lakuti, "Mapiritsi a shuga aja mukumwa bwino?" Ndinaganiza kuti womasulirayo wasokoneza. Kenako azamba anaseka n'kunena kuti, "Ana awiri aja munabereka popanda vuto, ndiye wachitatuyu sativutitsa." Ndinacheuka kuti mwina m'chipindamo mwalowa mayi wina. Munalibe aliyense. Pomaliza anawerenga pakompyuta kuti palibe mankhwala amene amandiwenga. Chonsecho ine penisilini amandiwenga zoopsa. Ndili mtsikana anandipatsapo, nkhope yonse inatupa ndipo kupuma kunavuta. Zimenezi ndinanena momveka pamene ndinkalembetsa koyamba kuchipatalako, alamu asanabwere n'komwe.

Sindinatsutse chilichonse. Chifukwa cha mantha ndinangoti mutu ukundiwawa, ndidzabweranso.

Nditafika kunyumba ndinatsegula kabati ya kukhitchini, ndipo kuseri kwa thumba la mpunga ndinapeza bokosi la mapiritsi a shuga. Pabokosipo panali dzina langa. Ndinaliika patebulo n'kukhala pansi kudikira eni nyumba anzanga.

Alamu atangoliona anayamba kulira. Amuna anga ndi amene anafotokoza. Akuti tsiku lina ine ndili kuntchito, alamu anagwa kubafa ndi chizungulire. "Ndikanatani ine? Mchemwali wanga wagona pansi, khadi lili pafirijipo silikugwira ntchito. M'nyumba muno ketulo timabwerekana, jekete timabwerekana, nanga khadi ndiye lalakwa chiyani?" Alamu analoweza tsiku langa lobadwa ali m'galimoto. Atafika kuchipatala anatchula dzina langa, koma mafunso ena onse anayankha za thupi lawo, poti ankafuna mankhwala oyenera. Kuyambira pamenepo akhala akutenga mapiritsi ndi khadi langa. Ine nditatenga pathupi, amuna anga anaona kuti akasintha nkhani agwidwa, ndiye kusikelo akhala akungovomera zonse m'malo mwanga. Akuti azamba akhala akundiyamikira kuti shuga ndikumusamala bwino kwambiri.

Tsopano amuna anga akuti ndingopirira mpaka ndichire. "Akakufunsa uzingoti eya. Za penisilini ndidzawauza ndekha tsikulo." Akuti ndikaulula, alamu awachotsa ntchito, mwinanso kuwabweza kwathu, ndipo ine andilanda inshuwalansi mwana asanabadwe. Apongozi nawo anaimba foni, mawu awo anali akuti, "Mwana wanga, mnzanuyo musamutaye kuchilendo." Komanso mayi wina wa kutchalitchi anauza alamu kuti munthu amene ali kale ndi shuga palibe kampani ingamulandire, ndiye alamu anasiyiratu kufufuza.

Aphungu, ndakwiya, koma alamu ndimawakonda. Sindikufuna kuti kwathu azindiloza kuti ndine mkazi uja anabwezetsa mlamu wake, ana ake n'kusowa pogwira. Komanso ndikuopa kukalowa m'chipinda choberekera ndi mbiri ya munthu wina. Ndiulule kapena ndikhale chete? Nanga alamu angapeze bwanji inshuwalansi yawoyawo poti matenda ali nawo kale?

T.N., kunja kuno

Mayi T.N.,

Tiyambe ndi chimene sichingadikire. Bwererani kusikelo sabata ino, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pemphaninso womasulira wa chipatala, ndipo mukanene zinthu zitatu momveka bwino: mimba iyi ndi yoyamba, simunapezekepo ndi shuga ndipo simumwa mapiritsi ake, komanso penisilini amakuwengani. Muwapemphe akuwerengereni zonse zimene zili mufayilo yanu, mzere ndi mzere, kuphatikizapo mtundu wa magazi, ndipo chilichonse chimene si chanu mukane. Amuna anu akafuna kukuperekezani, akakhale pabenchi panja. Ntchito yomasulira yawakanika, apume kaye.

Nzeru yawo yakuti adzanena okha tsikulo isakunamizeni. Munthu wake ndi yemweyo amene amatumidwa kutali ndi katundu, ndipo mwana sayang'ana kuti bambo ali pamsewu uti asanayambe ulendo wake. Mukadzafika kuchipatala muli nokha, ululu utakula, anamwino sadzakhala ndi nthawi yofunafuna womasulira. Adzayang'ana pakompyuta, adzaona mayi wa ana awiri amene sawengedwa ndi mankhwala aliwonse, n'kuchita zoyenera mayi ameneyo. Mayi wa mimba yoyamba amamuyang'anira mosiyana ndi wozolowera kubereka, ndipo zimene anakonzera inu ndi mwanayo anakonza poganiza kuti muli ndi shuga. Zonsezi ziyenera kukonzedwanso nthawi ikadalipo.

Pali china chimene m'nyumba mwanumo simunachiganizire. Kukhala chete sikukuwateteza alamu anu. Magazi anu abwinobwino amene azamba akhala akuyeza akulowa mufayilo yomweyo. Dokotala wolemba mapiritsi a alamu akadzaona zotsatirazo angaganize kuti shuga watsika, n'kuchepetsa mankhwala a munthu amene akuwafunadi. Apongozi akadzaimbanso, muwauze mwaulemu kuti fayilo imodziyo ikuika pangozi anthu atatu: mwana wawo, mpongozi wawo ndi mdzukulu amene sanamuonebe.

Za milandu, sindikunamizani kuti kulibe. M'mayiko ambiri kugwiritsa ntchito khadi la munthu wina ndi kulakwira lamulo, ndipo ine malamulo a kumene muliko sindikuwadziwa. N'chifukwa chake sabata yomweyi mupite nonse atatu kwa anthu odziwa malamulo. Kawirikawiri kumene kuli alendo ambiri kumakhala mabungwe othandiza obwera, ena amapereka uphungu wa loya ulere kapena pamtengo wotsika, ndipo kuchipatala komweko angakulozereni. Mukanene zonse osabisa. Mwina amuna anu adzauzidwa kubweza zimene inshuwalansi inalipira, mwina padzakhala zina. Koma munthu wodziulula yekha nthawi zambiri amamumvetsa kusiyana ndi wochita kugwidwa, ndipo nkhaniyi idzatulukira ndithu, chifukwa matupi awiri sangabisale mufayilo imodzi mpaka kalekale. Kumbukiraninso kuti khadilo simunabwereketse ndinu. Mpaka tsiku limene munapeza bokosi lija, mlandu sunali wanu. Mukayamba kuvomera "eya" mukudziwa, mwadzilowetsamo nokha.

Pamaso pa azamba simukuyenera kuchita kuweruza banja lonse. N'kokwanira kunena kuti zina zimene zalembedwa si zanu ndipo mukufuna zikonzedwe. Akafunsa kuti zinalowamo bwanji, musaname. Mungawauze kuti wachibale anagwiritsa ntchito khadi lanu inu osadziwa, ndipo mukufunsira nzeru kwa odziwa malamulo.

Tsopano za alamu. Atulutse pepala la mgwirizano wa ntchito yawo, munthu wodziwa chilankhulo awawerengere, koma osati mchimwene wawo. M'malo ambiri wantchito amene ali ndi mapepala amayenera kulembetsedwa akangoyamba ntchito, ndipo "mwezi wamawa" wa abwana si lamulo. Awafunse abwanawo polemba uthenga kuti umboni ukhalepo. Akapitiriza kuzengereza, alamu apite ku ofesi yoona za apantchito, kapena ku ofesi ya boma yoona za inshuwalansi ya zaumoyo, akafunse ngati angathe kudzilembetsa okha. Kufunsa choyenera chako si kulongolola.

Mayi wa kutchalitchi uja ndi wokoma mtima, koma si ofesi. Kumene kuli inshuwalansi ya boma, nthawi zambiri sabweza munthu chifukwa chodwala kale. Ngati njira yokhayo ndi kampani, alamu afunse asanasaine: thandizo liyamba liti, matenda amene munthu ali nawo kale amalipiridwa kapena pali nthawi yodikira, nanga mapiritsi a mwezi ndi mwezi alimo? Mayankho awapatse papepala. Ndipo shugayo asamubise polembetsa, chifukwa kampani ikadzatulukira idzakana kulipira pa tsiku limene adzaifunitsitse. Podikira zonsezi, afunse za zipatala zothandiza anthu opanda inshuwalansi pamtengo wotsika, apite ndi dzina lawo lenileni atanyamula bokosi lija kuti adokotala aone chimene akumwa. Mapiritsi asadumphitse.

Amuna anu ndikuwamvetsa pa tsiku loyamba lija. Munthu mchemwali wake atagwa pansi saganiza bwino, ngakhale kuti zipatala zambiri zimalandira wodwala mwadzidzidzi khadi lisanafunsidwe. Chimene sindikuchimvetsa ndi miyezi yonse imene anakhala pambali panu kusikelo, n'kumayankha za thupi lanu inu mukumwetulira osadziwa kanthu. Muwauze zimenezi m'maso muli gwa, kamodzi kokha, kenako muwatume akafufuze adiresi ya bungwe lija. Mkwiyo wanu ndi woyenera, koma usakudyereni masiku amene atsalawa.

Chenjezo langa ndi ili. Kakhadiko kachoke m'chitini cha mabisiketi lero lomwe, kalowe m'chikwama chanu. Ketulo bwerekanani, jekete bwerekanani, sofa alamu agonepobe ndipo madzi apitirize kukutenthetserani. Koma tsiku lobereka pakhoza kufika mphindi imene simudzatha kutsegula pakamwa, amuna anu ali pamsewu, alamu ali ndi chokolopera m'manja kwinakwake. Pa mphindi imeneyo chimene chidzakuyankhulireni ndi fayilo ija. Onetsetsani kuti ikunena za inu.

Aphungu