Sikipa Yachikasu ya Amayi

Tryavna, 14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Plamen,

Ndikhulupirira uli bwino ku Valencia kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga Desi ndi khanda lanu. Kaya msana uja unasiya kukuvuta? Kuno tilipo. Mlamu wako Milcho akutsokomolabe monga mwa masiku onse, mwana wathu Yoana walowa kalasi yachitatu. Tsabola tinawotcha kale, mabotolo ako ndakusungira.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni ndikhoza kuyamba kulira usanamve mutu wa nkhani.

Ukudziwa kuti chimwalirireni bambo, zaka zinayi tsopano, amayi sanavalepo china koma zakuda. Pepala lachikumbutso la chithunzi cha bambo lija amamata okha pageti, mvula ikalifufutsa amamata lina. Ndiye mwezi watha ndinadzidzimuka atandiuza kuti alembetsa nawo ulendo wa ndawala, wothandiza kukonza denga la sukulu ya mkaka. Amayi omwewa, odandaula mawondo popita kogula buledi!

Ndinafunsa kuti wawakopa ndani. Akuti a Dobri, aja ankagawa makalata. Mtima wanga unangoti phwii. Munthu amene wagogoda khomo lililonse m'tauni muno kwa zaka makumi atatu amadziwa bwino nyumba imene muli mkazi wamasiye ndi munda wa mphesa kuseri kwake. Milcho anandiseka, akuti, "Mkazi iwe, nkhalamba ziwiri zikuwongola miyendo, ukufuna uziitanire apolisi?" Ndinamuuza kuti aseke, si amayi ake.

M'mawa uliwonse a Dobri ankaima pageti, chipewa chili m'manja, pafupi penipeni ndi chithunzi cha bambo, manyazi osachita. Akuti akukonzekera ulendo. Tsiku lina ndinawatsatira mpaka kumlatho, ndikubisala kuseri kwa magalimoto ngati wakuba, ine mayi wamkulu ndithu. Sindinaone kanthu, ankangoyenda. Koma kusaona kanthuko n'kumene kunandikayikitsa kwambiri.

Tsiku la ulendowo linali Loweruka lapitali. Tauni yonse inasonkhana pabwalo, ana, agalu, oimba malipenga, ndipo aliyense analandira sikipa yachikasu. Ndinkati amayi angoipinda n'kuika m'chikwama. Plamen, anavala! Osati pamwamba pa diresi lakuda ayi. Anakalivula m'chipinda cha kusukulu, n'kutuluka ali m'sikipa ndi siketi yobiriwira imene sindinaionepo chibadwire. A Penka oyandikana nafe nyumba ananditsina, akuti, "Velichka, konza miyendo, posachedwapa tivina ukwati." Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Othamanga atanyamuka, ife a mabanja tinayamba kuyenda makilomita athu asanu. Ine ndi Yoana tinamaliza, tinadya banitsa, zitumbuwa zathu za tchizi zija, tinadikira. Amayi osaoneka. Anthu anayamba kupinda matebulo. Zoipa zonse ndinali nditaziganiza kale pamene anatulukira pakona, omalizira enieni, a Dobri ali pambali pawo atawanyamulira chikwama. Anthu anawomba m'manja, ine ayi.

Titafika kunyumba ndinawafunsa amayi za a Dobri mosapsatira. Sanakane. Akuti a Dobri anawafunsira, ndipo iwo analonjeza kuyankha ulendowo ukatha. Anati, "Bambo ako ndinakhala nawo zaka makumi anayi. Anali munthu wabwino, koma pamsewu ndinkangoona msana wawo. Kutchalitchi iwo patsogolo, kumsika patsogolo, ngakhale tsiku lopita kukakubereka iwe. Ndimafuna ndione ngati awa angapirire mawondo angawa anthu akuonerera. Lero ndimachedwa dala, koma sanandipitirire ngakhale phazi limodzi."

Kenako anati sangavomere ana awo asanalole. Akuti iwe ndiwe mwamuna wotsala pabanja pano, ayambe amva mawu ako.

Apa ndiye pali chimene ndakulemberachi. Ndinawauza kuti ndinalankhula nawe kale ndipo wakana. Ndinawonjezanso kuti wati akakwatiwa sudzapondanso pakhomo pano. Sindikudziwa chinalowa m'kamwa mwanga n'chiyani, mawu anangotuluka osalala ngati oona.

Amayi sanalire. Anangoti chabwino, n'kupita kukachapa sikipayo. Lamlungu anadzuka atavala zakuda, ndipo a Dobri atafika pageti anatuma ine kukawauza kuti asabwerenso. Ndinapita. Mkuluyo sanatsutse, anangofunsa ngati mawondo a amayi atupa, n'kuvala chipewa chake.

Usaganize kuti ndayamba kuwakhulupirira a Dobri. Mwina ndi mundawo akufuna, mtima wa munthu sauona. Koma masiku atatu tsopano amayi sanatuluke pageti. Dzulo Yoana atafunsa kuti amalume abwera liti, amayi anadzuka patebulo chakudya chili m'mbale. Akuganiza kuti mwana wawo wamwamuna anawaopseza, chonsecho iwe sukudziwa kanthu. Amayi ndawalanda anthu awiri tsiku limodzi, iweyo ndi a Dobri, ndipo zikundipweteka koopsa.

Chonde mlongo wanga, uwaimbire foni. Ulole kapena ukane, zimenezo ndi zako, koma mawuwo akhale ochokera pakamwa pako. Unditukwane mmene ungafunire, ndilandira. Koma uwauzenso kuti Velichka ananama, chifukwa ine ndayesa kawiri konse, ndipo ndikafika pakhomo la chipinda chawo ndimangofunsa ngati amwa tiyi.

Undiperekere moni kwa Desi, khandalo ulipsompsone m'malo mwanga. Milcho akupereka moni, iyenso sakudziwa zimene ndinachitazi. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wako,
Velichka