Bokosi la Rose Linafika Mawa Lake

Mposa,
Machinga.
19 Febuluwale 2024.

Okondedwa achemwali anga a Lena,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mvula ikugwa, chimanga chamasula, anthu akupita kumunda monga mwa masiku onse. Ine ndimadzuka, ndimasesa, ndimatunga madzi, ndipo akandipatsa chakudya ndimadya.

Mwakhala mukuimba foni ine osayankha. Simunandilakwire kanthu. Kungoti ndikaika foni kukhutu kukamwa kumauma, komanso inu mukayamba kulankhula simupuma, mukudzidziwa nokha. Ndiye ndati ndilembe. Kalatayi ndapatsira Mike, mwana wa aneba athu, amene akubwerera kuntchito komweko. Za imfa ya mwana wanga munamva kwa achimwene a Blasius. Tsopano mumve kwa ine, kenako muweruze mmene mungafunire.

Mukukumbukira phokoso limene linalipo kwathu ku Rivirivi pamene ndinkakwatiwa ndi a Akimu, loti mwana wa Mkhristu akupita kwa Asilamu. A Akimu analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti sadzandiletsa tchalitchi, ndipo sanandiletsepo. Lamulungu amandikweza pa njinga, kukandisiya pakhomo la tchalitchi, iwo n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kudikira kuti titsirize. Mwezi wa Ramadani ine ndimalawirira kuwaphikira ngakhale sindisala nawo. Mwana atabadwa, kuno anamutcha Ilham, achimwene monga malume wake anamutcha Rose, ndipo iye ankavomera maina onse awiri. Akakhala kuno ankapita ku madrasa, akapita kutchuthi kwa amayi ankabwerako ndi nyimbo za Sande sukulu, n'kumaimbira bambo ake. Anthu ankatiloza kuti taonani banja lamtendere. Tinagwirizana pa zonse, zakudya, zovala, maina. Za maliro zokha sitinakambiranepo. Ndani amakhala pansi n'kumakambirana za manda a mwana amene wangoyamba kumene sukulu?

Malungo anamugwira mwamphamvu. Kuchipatala anayesetsa, koma Lachinayi kutangocha anatisiya. Ndinamubereka kumsana ngati wagona, a Akimu akupalasa njinga, mpaka kunyumba. Amati mayi asalire panjira. Kwa ine sizinavute, chifukwa misozi panalibe. Mpaka lero palibe.

Titafika ndinaimbira amayi. Ndinangoti, "Amayi, Rose watisiya." Iwo anakuwa, foni n'kuilanda achimwene.

"Lydia, musachite kanthu kumeneko. Ndikupita ku Balaka kukagula bokosi, ndiuze a kumpingo, ndipeze galimoto. Tifika mawa m'mawa. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

Apa ndi pamene zinasokonekera, achemwali, popanda munthu woipa mtima. Kwathu maliro amagona. Amayi a kumpingo amachezera kuimba usiku wonse, abale akutali amadikiridwa, ndipo palibe angakhudze khasu mwinimbumba asanafike. Achimwene sanaganizepo n'komwe kuti kungakhale kwina kumene sachita choncho. Kuno maliro sagona. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ali m'manda, ndipo kumuchedwetsa amati ndi kumuzunza. Akunonso sanaganize kuti alipo munthu amene sadziwa zimenezi. Aliyense ankachita ulemu umene amaudziwa.

Ine ndi apongozi anga ndi amayi ena awiri tinamusambitsa. Apongozi ankamuthira madzi pang'onopang'ono, akumulankhula m'Chiyao ngati akumunyengerera kuti asalire. Kenako tinamukulunga m'sanda, nsalu yoyera ija. Amuna anali atapita kale kukakumba.

A Akimu nditawauza mawu a achimwene, anayesa kuwaimbira. Foni sinkapezeka. Anaimba mobwerezabwereza, n'kuimbiranso amayi, koma amayi anali ali m'kati molira, foni ataisiya kaya kuti. A Akimu anapita kwa a shehe kukapempha kuti adikire. A shehe anavomera kudikira, pemphero la masana linadutsa, anthu ali chikhalire panja. Dzuwa litapendeka akuluakulu anayamba kung'ung'udza. Manda anali okonzeka, kumwamba kukuda mvula, ndipo m'nyumba munkatentha.

A Akimu analowa, n'kugwada pafupi ndi ine.

"Mayi a Ilham, alamu sakupezeka. Akuluakulu akuti nthawi yatha. Koma mukanena kuti iyayi, ine ndituluka ndikawauze kuti iyayi, ngakhale andinene. Titani?"

Ndinawayankha kuti, "Chitani zimene mukudziwa."

Musandifunse chifukwa chake. Mwina ndinaopa kukhala naye usiku wonse m'kutentha kuja, ndikumuona akusintha. Mwina ndinatopa. Kunena zoona, akanandifunsa kuti tiotche nyumba, ndikanayankha chimodzimodzi.

Anamuika pa jeneza, chonyamulira maliro chija, amuna n'kumapatsirana pamapewa. Kuno akazi sapita kumanda tsiku loika. Ndinaima kumapeto kwa bwalo ndikuyang'ana mpaka anakhota kuseri kwa chimanga. Kwathu mayi amaponya dothi m'manda a mwana wake. Ine sindinaponye. Ndinabwerera m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala zake, chifukwa manja ankafuna chochita.

Madzulo ake a Akimu anayesanso kuimba, koma mvula inali itayamba ndipo foni sizinkagwira. Ine sindinayese.

M'mawa mwake tinamva nyimbo ikuchokera kumsewu. Inali lole yodzaza anthu a kwathu, a kwaya, amayi a kumpingo atavala yunifolomu, nkhata za maluwa zili m'manja. Pakati pawo panali kabokosi koyera. Ankaimba bwino, achemwali, monga mukudziwira kwaya ya kwathu. Atatsika n'kuona bwalo losesedwa, anthu angokhala phee, nyimbo inazima yokha, wina uku wasiya, wina uku wasiya.

Achimwene anafunsa, "Rose ali kuti?"

Apongozi anagwada n'kuyankha mwaulemu, "Pepani bambo, Ilham tinamuika dzulo."

Sindinawaonepo achimwene ali choncho. Anayenda mpaka pamene panali a Akimu.

"Mwaika mwana wa ndani? Mbumba iyi ndi yanga. Inu munangobereka, mwana ndi wa kwathu. Mwakamutaya ngati mphaka, wopanda bokosi, wopanda nyimbo, gogo wake osamuona nkhope?"

A Akimu anangoti, "Alamu, tinakufunani, pepani." Koma mnyamata wina wa kumzikiti, wa pakamwa potentha, anayankhira kumbuyo kuti mwana wa Msilamu salongedzedwa m'bokosi ngati katundu wa pa basi. Basi moto unabuka. Mmodzi wa a kwaya anati n'chifukwa chake sitipereka ana athu kwa anthu awa. Wina wa kuno anati nanga munabwera kudzalira kapena kudzaimba? Anatukwanirana Mulungu pabwalo langa, anthu amene dzana lomweli ankagulitsana thonje ndi nsomba pamsika umodzi. Chakudya chimene apongozi anakonzera alendo palibe anachikhudza. Amayi anakhala pansi pafupi ndi tayala la lole, nkhata ili pamiyendo. Ine ndinali pakhonde, ndikuonerera ngati za kwa eni.

Achimwene ananena kuti nkhani sithera pamenepo. Anati akadandaula kwa a gulupu kuti mwana afukulidwe, akaikidwe ku Rivirivi pafupi ndi bambo athu. Asanakwere lole anandikokera pambali.

"Lydia, nkhani yonse ili pa iwe. Ukanene kuti sunavomere, anachita mokukakamiza. Ukatero timutenga Rose, iwenso tikutenga, ubwerere kwanu. Ukanena zina, udziwe kuti wasankha."

Inunso mawu amene munanditumizira pa foni anali omwewo, kuti ndingonena kuti sindinavomere, magazi ndi magazi. Ndinawamvetsera, achemwali. Sindikukwiyirani.

Masiku odikira bwalo, mudzi unagawikana. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno anasiya kugula mandasi kwa apongozi. Ana a ku madrasa anagenda denga la tchalitchi, makolo awo n'kuwakwapula, koma mwala unali utagwa kale. Kumjigo ndikafika nkhani zinkatha. Akhristu ankandiyang'ana ngati wogulitsa mwana, Asilamu ngati wobweretsa makasu pa manda awo. Onse ankadabwa chinthu chimodzi, kuti mayi ameneyu bwanji sakulira. A Akimu sanandipemphe kalikonse. Sanandifunse n'komwe zimene ndikanene. Ankangobwera kuchokera kumzikiti, kukhala pa mpando, n'kumayang'ana pakhomo. Tsiku lina ndinawapeza atagwira kasilipasi ka mwana, ndipo atandiona anakabisa kumbuyo ngati aba.

Bwalo linakhala Loweruka lapitali. Achimwene anabweranso ndi lole, kabokosi kaja kali momwemo, ndi makasu. Mbali iyi kunakhala a kwathu, mbali iyo a kuno, ine pamphasa pakati. Analankhula ambiri, za mwambo wa mbumba, za malamulo a Chisilamu, za amene anayamba kutukwana. A gulupu atatopa anati, "Tamva amalume, tamva a shehe. Koma mwana ali ndi mayi. Mayi, munavomera kapena anakukakamizani?"

Ndinayang'ana makasu aja. Anali makasu wamba, olimira, dothi la ku Rivirivi likadali pamenepo. Ndinaganiza za mvula imene yagwa masiku onsewa, ndi nsalu yopyapyala ija, ndi zimene akapeze akakumba. Sindinaganize za Yesu kapena za Mtumiki, ndisakunamizeni. Ndinangoona kuti mwana wanga wavutika mokwanira.

Ndinati, "Anandifunsa. Ndinavomera ndine."

Mlandu unathera pomwepo. Achimwene anaimirira, kusasa fumbi pa thalauza, n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Ndiye kwathu kulibe Lydia. Ukadzafa akakukulunge omwewa." Ndinamva mawuwo bwinobwino, koma sanandilase. Zinali ngati akunena munthu wina amene ndinkamudziwa kale.

Anthu akubalalika, amayi anadzuka ndi ndodo yawo n'kupita kwa a Akimu. Chifikireni tsiku lija anali asanawalankhulepo.

"Bambo, ndionetseni pamene wagona mdzukulu wanga."

A Akimu anayang'ana a shehe. A shehe anati, "Apite. Ndi gogo wake." Tinapita atatu, a Akimu patsogolo, amayi pakati, ine pambuyo. Kanali koyamba kuti ine ndifikeko. Ndi kamulu kakang'ono ka dothi, kopanda mtanda, kopanda dzina, udzu wayamba kale kumera m'mbali.

Amayi anafunsa kuti mutu uli mbali iti. A Akimu analoza, n'kufotokoza kuti sanamugoneke chagada, anamugoneka chammbali, cha kudzanja lamanja, monga amachitira kuno.

Amayi anati, "Ndi mmene ankagonera kwanga. Chagada ankakana."

A Akimu anaphimba nkhope ndi chipewa chawo n'kulira ngati mwana. Amayi anapemphera chapansipansi pemphero la kwathu, a Akimu anatambasula manja n'kunena lawo, ndipo palibe analetsa mnzake. Ine ndinangoima. Ndinkayembekeza kuti mwina pamenepa misozi ibwera, koma sinabwere.

Pobwerera ndinaganiza kuti amayi andilankhula. Anayenda mpaka pa lole, a kwaya n'kuwakweza. Ndinafika pafupi n'kuti, "Amayi, muyende bwino." Anakonza mpango wawo, maso ali kutsogolo. Achimwene anamenya chitseko, lole n'kunyamuka, kabokosi kakugubuduka kumbuyo kopanda kanthu. Sindikudziwa ngati amayi sanandimve kapena anaopa achimwene, kapena nawonso atsimikiza mumtima mwawo. Ndayesa kuwaimbira, foni imangoitana.

Dzulo linali Lamulungu. A Akimu anatulutsa njinga monga mwa nthawi zonse, n'kuipopa, n'kudikira. Ndinapita. Pa benchi pamene ndimakhala, anzanga anasendera uko. Ndinaimba nawo nyimbo zonse, ndinapereka chopereka, ndinabwerako. Musade nkhawa kuti ndasiya mpingo, sindinasiye. Musaganizenso kuti ndasankha Chisilamu. Ndili pomwe ndinali, kungoti pamalopo tsopano ndatsala ndekha.

Sindikupemphani kuti mukandinenere kwa achimwene. Nawonso ankamukonda Rose, ndi amene anamugulira yunifolomu yake yoyamba, ndipo bokosi lija analisankha ndi chikondi. Madzi akatayika saoleka. Nsapato zimene munati mwamugulira Rose musatumize, mupatse mwana wina kumeneko.

A Akimu akupereka moni, ati mukawakhululukire ngati mungathe. Apongozi akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze aziphunzira mwakhama. Ndipo mukamaimba foni kumudzi, amayi akakhala paokha, muwauze kuti Lydia akupereka moni, akufunsa ngati mwendo uja wasiya kutupa. Kuchokera kuno kukafika ku Rivirivi ndi ulendo wonyamuka m'mawa n'kukadya nkhomaliro komweko, koma moni wanga tsopano uzidzera ku Joni.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukadanditchabe choncho,

Lydia,
mayi a Rose, mayi a Ilham.