Mlendo Wobwera ndi Mapu Akale

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, koma mayi akudandaula miyendo.

Loweruka kunabwera bambo wina wovala tayi, akuti ndi msuweni wathu wa ku Zomba, mwana wa malemu malume. Anatambasula mapu akale pamphasa, nati, "Ndikufufuza mbiri ya banja lathu. Agogo atachoka ku Mozambiki anamanga pati?" Ndinamuuza kuti pafupi ndi Kachulu. Koma za manda a agogowo sanafunse n'komwe. Ankangofunsa za abale amene timayenderana nawo kutsidya kwa malire, n'kumalemba mayina. Mayi atandiponda phazi, ndinasiya kumuuza mayinawo.

Akuti abweranso mwezi wamawa. Kodi malume anali ndi mwana ku Zomba? Mungoyankha kuti inde kapena ayi, poti makalata akumatsegulidwa ndi aboma masiku ano.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati