Kompyuta Yayamba Kuyankha Msanga ku Tikhalepo

BUNGWE LA ENI NYUMBA LA TIKHALEPO, KABWATA
Tsiku: Loweruka, 14 Epulo 2012
Malo: Ofesi ya bungwe, kuseri kwa malo ometera
Analipo: Mai Bernadette Ng'andu (Wapampando), Ba Amock Chisenga, Ba Becky Kampamba (katswiri wa makompyuta), Edmond Kalenga (Mlembi)
Sanabwere: Ba Chomba Lukonde. Anatumiza uthenga kuti minibasi yawo yafera ku Lilayi, monga inafera mwezi watha.

1. Kutsegula
Wapampando anapempha onse kuimirira. Analengeza kuti kompyuta ya bungwe, itakhala zaka zinayi pafumbi, tsopano yasokeredwa chophimba cha chitenge. Chophimbacho chinavundukulidwa, chinayamikiridwa, ndipo chinaphimbidwanso. Kenaka tinapemphera.

2. Kuchedwa kwa kompyuta
Wapampando anati kufunafuna pepala limodzi kumatenga mphindi khumi ndi zinayi, ndipo tsiku lina anakafika pamsika ndi kubwerako kompyuta ikuganizabe.

Ba Becky anafotokoza kuti mapepala otayipa alibe vuto. Pulogalamu ikhoza kuwawerenga kamodzi, n'kupanga mndandanda wa mayina, n'kumangoyang'ana pamenepo. Ovuta ndi makalata 6,000 olembedwa pamanja, omwe anajambulidwa opanda mayina. Kompyuta imayesa kuwawerenga nthawi iliyonse, imalephera, mawa n'kuyesanso. Mlembi anati khama lotere analiona komaliza kuyunivesite. Anauzidwa kuti asalembe zimenezo.

Ba Becky anati makalatawo achotsedwe, aikidwe m'kabokosi kapadera kosungira mafayilo.

3. Kalata ya Ba Amock
Ba Amock anakumbutsa komiti kuti nyumba yomwe akhalamo inali ya malemu mkulu wawo, amene anawasiyira polemba kalata papepala la m'kope. Achibale a mlamu wawo akuifuna nyumbayo, ndipo mlandu uli kukhoti Lachinayi likudzali. Anati masana alionse amabwera kudzatsegula zithunzi za makalata aja chimodzichimodzi kufunafuna kalatayo, ndipo afika pa 900.

Anafunsa komwe kuli pepala lenileni. Wapampando anayankha kuti mapepala onse atajambulidwa anapatsidwa kwa amayi ogulitsa vitumbuwa kuti ofesi ipume, ndipo Ba Amock nawonso anavomereza chaka chimenecho.

"Ninavomela, inde," anatero Ba Amock. "Na vitumbuwa ninadya. Manje nizauza chani ba khoti?"

"Ba Amock, palibe amene ataya kalata yanu," anatero Ba Becky. "Izankala chabe mu kabokosi."

"Kabokosi kazankala kuti?"

Wapampando anati kadzakhala kwa mwana wawo ku Woodlands, komwe kuli mpanda ndi agalu awiri. Ba Amock anati agaluwo amawadziwa. Anapempha kuti ntchitoyi idikire mpaka Lachisanu. Ba Becky anati Lolemba akupita ku Kitwe kwa miyezi iwiri, choncho ndi lero kapena Juni. Wapampando anati anthu mazana atatu sangadikire Juni chifukwa cha kalata imodzi, ndipo mamembala ayamba kumawatchula kuti Mai Dikirani.

Mavoti: atatu anavomera, mmodzi anakana. Komiti inagwirizananso kuti munthu wina adzalembe mayina pa makalata onsewo. Dzina la munthuyo silinakambidwe.

4. Kuyesa
Ntchito inatenga ola limodzi. Itatha, Wapampando analemba dzina lawo, ndipo mapepala awo anatuluka asanachotse chala. Anaimba nthungululu. Ometa anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati.

Kenaka Wapampando analemba "Chisenga". M'masekondi atatu kompyuta inayankha kuti palibe chilichonse.

"Yafulumila zoona," anatero Ba Amock, natenga chipewa chawo.

5. Zina ndi zina
Panalibe.

6. Kutseka
Msonkhano wotsatira: Loweruka, 12 Meyi. Tinatseka nthawi ya 16:10.

Wapampando: B. Ng'andu
Mlembi: E. Kalenga

Zoonjezera za Mlembi: Mmodzi mwa atatu ovomera ndinali ine, chifukwa kudikira kunanditopetsa. Kabokosi sikanapite ku Woodlands, ndinakapempha ndipo kali kwanga. Ine ndi Ba Amock tafika pa chithunzi 2,140. Maso awo ayamba kutuluka misozi, iwo akuti ndi kuwala kwa kompyuta. Lero ndi Lachiwiri.