Khoma la Kumpoto

Lolemba, 6 Novembala
A komiti agamula. Loweruka kukubwera makina opopera mchenga, ayeretse makoma onse a kachisi mwambo womupatulanso usanafike. Onse! Ndi la kumpoto lomwe, limene Ababa akhala akuliwerenga ndi zala chichitireni khungu. Pali mizere khumi ndi iwiri ya zilembo zogoba pamwala, ya m'nthawi ya mafumu akalekale a Chola, yonena za mayi wina amene anapereka nkhosa kuti mafuta a mkaka wake azithiridwa m'nyale ya m'kachisi, isamazime. Isanu ndi inayi anamaliza. Itatu yotsala, mmene muli dzina la mayiyo, inakwiririka ndi laimu.
Sindinawauze. Ali ndi chifuwa, ndipo atamva angatuluke pamvula pomwepa.

Lachiwiri, 7 Novembala
Ndinapita kwa a Sokkalingam, apampando a komitiyo. Akuti, "Senbagam mwana wanga, mulungu akhale m'nyumba yakuda chifukwa cha tizilembo? Iweyo umatha kutiwerenga?"
Sinditha. Ababa ankati andiphunzitse, ine ndinkathawira kumasamu. Apampandowo anandipatsa khofi, ndipo chitsiru ine ndinamwa, n'kuthokoza.

Lachitatu, 8 Novembala
Ku ofesi yoona za zinthu zakale, m'tauni. Mabasi awiri. "Kalata yanu tailandira, mayi. Woyendera abwera mwezi wamawa." Adzayendera chiyani?

Lachinayi, 9 Novembala
Ndayesa ndekha kukopera zilembozo mmene ndinkaonera Ababa akuchitira. Kupala laimu ndi kansungwi, kumata pepala lonyowa, kulimenya ndi burashi kuti lilowe m'zilembo, kenako inki. Koma mvula iyi! Pepala silikuuma, likungophwanyika ngati phala. Ndajambula ndi foni, mukungooneka mwala. Zilembozo zinaperepeseka, zimafuna zala zawo basi.
Ndalirira pakhoma pomwepo, wansembe akundiyang'ana.

Lachisanu, 10 Novembala
Mvula. Adokotala ati Ababa asatuluke. Ababawo akuti, "Mayi wathu uja wadikira zaka chikwi, sabata imodzi sangadandaule."

Loweruka, 11 Novembala
Phokoso limamveka mpaka kukhitchini. Ndinakweza wailesi.
"Kukuchitika chiyani uko?"
"Akukonza msewu, Ababa."

Lachiwiri, 14 Novembala
Dzuwa latuluka, chifuwa chaphwa. Ababa avala malaya awo oyera, ati tiyeni. Ndinasowa chowaletsera.
Njira yonse amandiseka kuti ndikuyenda ngati ndikupita kumaliro. Tavula nsapato pachipata, ndawagwira mkono mpaka kumpoto. Khoma lili mbee, see ngati mbale yotsuka.
Anaika dzanja. Analiyendetsa kumanja, kumanzere, anagwada, anapapasa m'munsi. Nthawi yaitali ndithu.
"Iwe Senbagam, zaka zonsezi sudziwabe kumpoto? Wandibweretsa pakhoma lina."
Ndinayang'ananso khomalo, la kumpoto lomwelo.
"Inde, Ababa. Ndasokoneza."
Dzanja silinachoke pamwalapo.
"Palibe kanthu," anatero. "Usanditengere ku linalo lero. Ndatopa."